Ng'ona ya pachifuwa: mmene lebulo ya chovala imatilankhulira tisanatsegule pakamwa

Kuno kuchigwa cha Shire ng'ona si nyama yoti munthu n'kuinyadira. Imagwira mbuzi pomwera madzi, imagubuduza bwato la msodzi ku Elephant Marsh, ndipo palibe mudzi wa m'mbali mwa mtsinje umene sunalirepo maliro obwera ndi chilombochi. Koma ng'ona yomweyo ikachepa n'kufanana ndi chala cha khanda, yobiriwira, yosokedwa pachifuwa cha malaya a kolala, mnyamata wa pa Nchalo amalolera kuwonjezera ndalama kuti aivale. Wogulitsa kaunjika naye akaiona m'belo amaipatula msanga n'kuipachika pahang'ala, kutali ndi mulu wa zosankha.

Mwini wake wa ng'onayi sanali wa kuno ku Shire. Anali René Lacoste, katswiri wa mpira wa tenesi wa ku France m'zaka za m'ma 1920, amene atolankhani anamupatsa dzina loti ng'ona, ndipo dzinalo linamukhala chifukwa akagwira mdani m'bwalo sankataya. Mu 1933 anayamba kampani yosoka malaya n'kuika kachilomboko kunja, poonekera, nthawi imene dzina la wosoka linkabisika m'kati mwa khosi la chovala. Kusamuka kwa dzina kumeneku, kuchoka kukhosi kumene amaona mwini yekha kupita pachifuwa pamene aliyense amaona, ndiye gwero la nkhani yonseyi. Lebulo ya kukhosi imauza wogula kuti chovalachi chasokedwa ndi yani. Ya pachifuwa imauza anthu odutsa kuti wovalayu ndi yani, kapena kuti akufuna timuyese yani.

Kusoka dzina pachovala anakutchukitsa ndi Charles Frederick Worth, Mngelezi amene anatsegula nyumba yosokera zovala ku Paris mu 1858. Iye asanabwere, telala anali wantchito chabe: wolemera amabwera ndi maganizo ake, telala n'kusoka. Worth anatembenuza zinthu. Iye ndi amene ankanena chovala choyenera chaka chimenecho, ndipo akazi a mafumu a ku Ulaya ankachita kumufunafuna. Louis Vuitton anatsegula bizinesi yake mu 1854 ngati wokhoma mabokosi a paulendo, ndipo zilembo za L ndi V zolukanalukana zija anazipanga mwana wake Georges mu 1896 pofuna kuti akuba luso alephere kukopera. Zoseketsa n'zakuti lero zilembo zomwezo mumazipeza pa zikwama, malamba ndi masilipasi pamsika wa Ngabu, ndipo n'zokayikitsa ngati pali n'chimodzi chomwe chinadutsako ku Paris. Kachizindikiro ka Nike kaja, kooneka ngati chongi cha mphunzitsi, anakajambula mu 1971 wophunzira wina dzina lake Carolyn Davidson, ndipo anamulipira madola 35 okha. Mzere wopindika wopanda kanthu. Mphamvu imene kali nayo lero inachita kuthiridwamo, chaka ndi chaka, ndi ndalama zotsatsira malonda komanso mapazi a akatswiri a masewero amene anyamata athu amaonera m'mavidiyo sho Loweruka masana.

Tsono chimene chimachititsa kuti munthu aoneke wapamwamba si ulusi kapena kasokedwe. Ndi mtengo, ndiponso kudziwa kwa woonayo kuti mtengowo ndi wowawa. Katswiri wa zachuma wa ku America, Thorstein Veblen, anafotokoza zimenezi mu 1899: anthu ena amagula chinthu chodula kuti ena aone kuti angathe kutaya ndalama osamva kupweteka. Ife kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezo. Munthu akapha ng'ombe pamwambo pamene mbuzi ziwiri zikanakwanira, si kuti alendo ali ndi njala yoposa. Akulengeza kuti khola lake silingagwedezeke ndi ng'ombe imodzi. Chovala cha Gucci ndi ng'ombe yophedwa imene munthu amayenda nayo pathupi. Kuti uthengawo usafe, makampaniwa amayenera kuonetsetsa kuti katundu wawo sakutsika mtengo mpaka kufika kwa wina aliyense. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Burberry ya ku Britain inawononga katundu wosagulidwa wa ndalama zoposa mapaundi 28 miliyoni m'chaka chimodzi, m'malo moti imutchipitse. Anthu atakwiya, inalengeza chaka chomwecho kuti yasiya. Ganizirani zimenezo: zovala zatsopano kutenthedwa n'cholinga choti dzina lisapezeke pamsana pa munthu wolakwika.

Kodi zimagwiradi ntchito, kapena ndi ife ovala amene timangodzinamiza pagalasi? Ofufuza awiri a pa yunivesite ya Tilburg ku Netherlands, Rob Nelissen ndi Marijn Meijers, anayesa zimenezi n'kufalitsa zotsatira mu 2011. Anaonetsa anthu chithunzi cha mwamuna mmodzi yemweyo atavala malaya amodzimodzi, kusiyana kwake kokha kunali lebulo. Pamene panali ng'ona ya Lacoste kapena chizindikiro cha Tommy Hilfiger, anthu ankamuyesa wolemera ndi wolemekezeka kuposa pamene panalibe kanthu. Kenako anatumiza mayi wina kumalo ogulitsira malonda kuti azipempha odutsa kuyankha mafunso. Atavala juzi ya lebulo, anthu 52 mwa 100 alionse anaima n'kumuyankha. Atavala juzi yomweyo yopanda lebulo, anaima ndi 13 okha. Opempha ndalama zachifundo khomo ndi khomo nawo anatolera zochuluka atavala malebulo. Ndiye kuti munthu wooneka kale ngati ali nazo ndi amene anthu anamupatsa zambiri. Mu 2019 ofufuza ena a ku Princeton ku America anapeza kuti nkhope yomweyo imaoneka yodziwa ntchito ikakhala pamwamba pa zovala zooneka zodula, ngakhale chithunzicho chingong'anima kwa nthawi yosakwana sekondi, ndiponso ngakhale oonawo atachenjezedwa kuti asasamale zovala. Diso limaweruza msanga, mutu umabwera pambuyo kudzapeza zifukwa.

Koma m'kafukufuku wa ku Tilburg muja muli kachigawo kamodzi kamene kwa ife kakuposa zonse. Anthu atauzidwa kuti malaya a lebulowo munthuyo sanagule yekha, anachita kupatsidwa ndi ofufuza, ulemu wonse uja unatha. Lebulo inalipo, ng'ona inali pomwepo pachifuwa, koma inasanduka nsalu wamba. Ndipo wofufuza wina atabwereza zoyesa zofanana nazo mumzinda wa Zurich ku Switzerland, zotsatira zimene anafalitsa mu 2017 sizinaonetse kuti odutsa amakomera mtima ovala malebulo. Choncho mphamvuyi si yokhazikika ngati kulemera kwa thumba la chimanga pasikelo. Imadalira chimene woonayo akukhulupirira za njira imene chovalacho chafikira pathupi lako.

Apa ndi pamene chigwa chathu chimasokoneza masamu a ku Paris ndi ku Milan. Zovala zambiri zimene timavala ndi za kaunjika. Zimatoleredwa ku Ulaya, ku America ndi kwina, n'kusanjidwa m'magulu, n'kumangidwa m'mabelo, n'kuwoloka nyanja. Ogulitsa athu amakapikula mabelowo ku Limbe, n'kutsika nawo phiri kudutsa pa Thabwa, n'kuwamwaza m'misika ya Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Wogula belo amagula chinthu chosaona, ndipo akadula mawaya m'pamene amadziwa ngati wadya kapena wadyedwa. M'kati mwa belo limodzi malaya a Ralph Lauren amene mwini wake woyamba analipira ndalama zokwana kugula mbuzi amagona limodzi ndi tisheti yaulere ya mpikisano wothamanga wa m'tauni ina ya ku Canada. Belo silisankha. Amasankha ndi anyamata amene amazungulira pamene likutsegulidwa, kutola zoyamba zija amati nambala wani, kukazichapa, kuzisita, n'kukazigulitsa pamtengo wina kwa aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito kuesiteti ya nzimbe ya Illovo pa Nchalo malipiro akatuluka.

Chotsatira chake n'chakuti kuno lebulo yeniyeni ikhoza kukhala pamsana pa munthu amene sanadye dzulo. Agogo akupalira mapira atavala jekete ya Hugo Boss yong'ambika pachigongono, osadziwa n'komwe kuti Hugo Boss ndi munthu kapena mudzi. Madzi osefukira a mu 2015 komanso namondwe Freddy mu 2023 atasiya anthu padzuwa, zovala zothandiza zinagawidwa m'misasa, ndipo zina mwa izo zinali ndi mayina akuluakulu omwewa. Palibe amene anaona mwana wa mumsasa n'kuganiza kuti bambo ake ndi mpondamatiki. Aliyense ankadziwa njira imene chovalacho chinadzera. Zimene ofufuza a ku Netherlands anachita kukonza dala m'chipinda, ife timakhala nazo tsiku ndi tsiku.

Ku mbali ina kuli zafeki. Masilipasi olembedwa Gucci, malamba a Versace, makapusi a Balenciaga, zatsopano zonunkhira pulasitiki, zopangidwa ku China n'kulowa kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Joni. Wogula amadziwa kuti si zenizeni, wogulitsa amadziwa, woona nayenso amadziwa. Ndiye bwanji zikugulidwa? Ine ndimaona kuti mnyamata wovala kapusi ya Gucci pa Bangula sakunama kuti ali ndi ndalama za ku Italy. Akunena chinthu china: kuti ndine wa masiku ano, ndimadziwa zimene zikuchitika pa TikTok ndi pa Facebook, musanditenge ngati wakumudzi. Lebulo yasiya kukhala risiti, yasanduka chilankhulo cha msinkhu. Ndipo m'chilankhulo chimenechi muli chinthu chimene a ku Ulaya sangachimvetse msanga: kwa wodziwa kutchena, malaya akale a kaunjika okhala ndi lebulo yeniyeni amaposa atsopano afeki. Chakale chimalemekezeka kuposa chatsopano, chifukwa dzuwa la kuno ndi woweruza wosalandira chiphuphu. Chafeki chikachapidwa katatu n'kuyanikidwa mu Okutobala, zilembo zagolide zimayamba kusupuka ngati khungu la njoka, pamene cha orijino chimapirira zaka.

Choncho diso la munthu wa kuchigwa laphunzira kudumpha lebulo n'kuyang'ana zina. Limayang'ana nsapato, chifukwa malaya abwino angapezeke mwamwayi m'belo koma nsapato yabwino yokukwana siibwera mwangozi. Limayang'ana ngati chovala n'chosita, pakuti kusita kumafuna makala kapena magetsi ndiponso nthawi. Limayang'ana ngati zoyera zikadali zoyera pafumbi la kuno, zimene zimaulula sopo ndiponso kuti munthuyo sanabwere wapansi kapena pa kabaza. Limawerenga ngati mawa wasintha kapena wabwereza zomwezo. Foni imene yatuluka m'thumba imamaliza mlandu. Lebulo ndi mboni imodzi chabe pakati pa mboni zambiri, ndipo ikatsutsana ndi zinzake siimvedwa.

Funso lalikulu ndi loti woonayo akukudziwa kapena ayi. M'mudzi lebulo ilibe ntchito kwenikweni, chifukwa anthu amadziwa amayi ako, munda wako, ngongole zako, ndi chaka chimene unalephera mayeso. Ku Ngabu kuli akuluakulu amene ng'ombe zawo zikamapita kukamwa madzi fumbi limaphimba dzuwa, koma eni akewo amayenda pa njinga yakapalasa atavala malaya osowa mabatani awiri. Palibe wa m'deralo amene angawaderere. Pokambirana za malowolo pakati pa Asena, akuchikazi safunsa dzina lolembedwa pa jekete ya mkamwini. Koma mutengeni mkulu yemweyo, akwere minibasi, awoloke mlatho wa Kamuzu, akwere zitunda zija kukafika ku Blantyre, akalowe mu ofesi imene palibe womudziwa. Ng'ombe zake zatsala kuchigwa, sizingakwere naye masitepe. Chimene chalowa naye ndi malaya osowa mabatani aja. Pamzere womwewo pali mnyamata amene alibe ngakhale nkhuku, koma wavala kolala ya ng'ona ndi nsapato zopolisha. Ndaonapo ndi maso anga wolandira alendo akuuza wachinyamata kuti, "Takulandirani bwana, tikuthandizeni chiyani?" kenako n'kutembenukira kwa wamkuluyo kuti, "Madala, tadikirani kaye panja apo." Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tonse timauloweza mwambiwu tili ana. Vuto n'lakuti pakauntala palibe amene ali ndi nthawi yong'amba nkhuyu kuti aone m'kati.

N'chifukwa chake sindifulumira kuseka wachinyamata amene wawononga ndalama za ganyu ya sabata yonse pa malaya amodzi. Nthawi zina si uchitsiru. Amadziwa kuti kumene akupita kukafuna ntchito akamuyeza pamasekondi ochepa, ndipo alibe dzina la bambo lomuyankhulira. Wosauka amalipira msonkho wa maonekedwe umene wolemera wodziwika salipira.

Koma ng'onayi imalumanso mwini. Amene amabwera kuchokera ku Joni mu Disembala amadziwa bwino. Mwambo wake ndi wakale: matchona a nthawi ya Wenela ndi TEBA ankabwera kuchokera kumigodi ndi suti, chipewa ndi wailesi, ndipo mudzi unkayeza ulendo wonse poyang'ana zimene zili pathupi. Lero ndi jinzi ya Levi's, thilakisuti ya Adidas ndi nsapato za Carvela. Munthu angakhale kuti kumeneko amagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, koma akatsika basi atawala, abale amawerengera kale: fizi ya mwana wa mlongo, malata a nyumba ya amayi, mowa wa anzake a ubwana. Akanena kuti alibe, palibe womukhulupirira, poti malaya anena kale zina. Pamsika mtengo wa nsomba umakwera akangoyandikira. Ndipo chovala chikaposa kwambiri zimene anthu akudziwa za ntchito yako, ulemu umatembenuka n'kukhala mafunso: ndalamazi akuzitenga kuti? Mnyamata amamunong'oneza kuti ndi wakuba kapena wakhwimira. Mtsikana amamunenera zoipa kuposa pamenepo, ndipo apa pali kukondera koonekeratu, chifukwa chikwama chomwecho chimene chimachititsa mwamuna kutchedwa wolimbikira chimachititsa mkazi kufunsidwa kuti wamugulira ndani. Ngakhale ku America ofufuza apezapo kuti anthu posankha bwenzi latsopano amakonda wovala wamba kuposa wodzionetsa ndi zodula. Lebulo imakutsegulira chitseko cha ofesi, koma pamphasa ya anzako imakukhazika patali pang'ono.

Palinso chinsinsi china chimene ochita malondawa amadziwa. Ofufuza a ku America anasanthula zikwama za Gucci ndi Louis Vuitton, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2010 zinaonetsa kuti zotsika mtengo ndizo zimakhala ndi zilembo zikuluzikulu, pamene zodulitsitsa zimakhala zachete, chizindikiro chake chobisika. Wolemera kale safuna kuti aliyense amuzindikire, amafuna azindikiridwe ndi olemera anzake okha, odziwa kuwerenga chikopa ndi msoko. Zilembo zofuula ndi za amene akukwera kumene, ndipo opanga zafeki amakopera zofuulazo chifukwa ndizo zimayenda malonda. Ndiye tisheti yolembedwa dzina kuchokera phewa mpaka phewa imachititsa chidwi pa Dyeratu, koma kwa anthu amene mwini wake akufuna kufanana nawo imanena zosiyana ndi zimene iye akuganiza.

Tisaganize kuti kuwerenga munthu pa nsalu tinaphunzira kwa azungu. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi yambiri. Nsalu zowombazo, zotchedwa machila, zinkagulitsidwa kutali ndipo zinali chuma. Analembanso kuti kunali thonje la mitundu iwiri, lina lotchedwa manga, lochokera kunja, ndi lina lotchedwa kaja, lakwathu, la ulusi waufupi koma lotulutsa nsalu yolimba. Kusiyanitsa chakunja ndi chakwathu kunalipo kale m'munda momwe. Ku Khulubvi ku Nsanje, kachisi wa Mbona amayendera nsalu yakuda, ndipo mtundu umenewo pamalopo umanena zimene lebulo iliyonse singanene. Amayi a Mvano akavala yunifolomu yawo anthu amapatuka panjira. Chitenje cha chipani chimalengeza mbali imene munthu waima asanayankhule, ndipo amayi amadziwa kusiyanitsa chitenje chodula ndi chotchipa pongochikhudza ndi zala ziwiri. Kamuzu Banda sankaoneka pagulu wopanda suti ndi chipewa, ndipo boma lake mu 1973 linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, limene linatha mu 1993. Mtundu umene unakhala zaka 20 chovala chili mlandu wa kupolisi sufunika kuuzidwa kuti nsalu imalankhula. Chatsopano n'chakuti tanthauzo la zizindikiro za masiku ano silipangidwa ndi mfumu, mpingo kapena boma lathu. Limapangidwa m'maofesi otsatsa malonda a kutsidya kwa nyanja, ndi anthu amene amalipanga kuti ligulitse.

Ndipo chigwachi chikulimabe thonje. Mlimi wa ku Chikwawa amapopera mankhwala, amatola thonje padzuwa lopitirira madigiri 40, n'kukaligulitsa pa kilogalamu kwa ogula amene amalichotsa njere, lambiri n'kutumizidwa kunja. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene kale inkaveka dziko lonse, inagulitsidwa mu 2003 itafooka, ndipo kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinali zina mwa zimene zinaifooketsa. Malaya amodzi a kolala safuna ngakhale kilogalamu imodzi ya thonje. Pa mtengo wa malaya a lebulo m'sitolo ya ku London, gawo la mlimi wa thonje, kulikonse kumene ali, ndi laling'ono zedi. Gawo la wosoka ku Bangladesh kapena ku Vietnam nalonso ndi lochepa. Ndalama zambiri zimapita ku sitolo, kotsatsa malonda, ndi ku kachizindikiro kaja kamene ulusi wake sungakwane n'kumangira thumba la mchere.

Matelala a pakhonde anazindikira zimenezi kalekale. Malaya a lebulo akatha, kolala itanyenyeka ndipo m'khwapa mutabooka, mwini wake sawataya onse. Amapita nawo kwa telala limodzi ndi malaya ena abwinobwino opanda dzina amene watola pa mulu wa zosankha. "Achimwene, mundisamutsire kang'onaka," amatero, "koma musoke ndi ulusi wobiriwira, zisaoneke." Telala amatenga lezala, kutumbula misoko mosamala kuti mchira usaduke, kuyeza ndi zala zinayi kuchokera pa batani lachiwiri, n'kupalasa makina. Ntchito ya mphindi zosakwana 10. Malaya akale aja amatsala pompo, ndipo madzulo mwana wa telala amapukutira mafuta a makina.